Maenje a Chaka Chatha

Pa siteji ya njinga zamoto ya pafupi ndi msika padalibe amene ankawatchula dzina la pa chiphaso. Onse ankangoti a Chigamba. Ena amati dzinalo lidachokera ku thalauza lawo, lomwe m'mawondo mudali zigamba zosanjikizana mpaka nsalu yoyamba osadziwikanso mtundu wake. Ena amati ayi, lidabwera chifukwa mkuluyu ankadziwa chigamba chilichonse cha phula pa msewu wotsikira ku tauni, chomwe chidamatidwa kale ndi chomwe chayamba kumatuka. Eni ake sankatsutsa mbali iliyonse. Munthu ukakalamba pa ntchito imodzi dzina limangokumera ngati ndevu, sufunsanso kuti lidayamba liti.

Njinga adayamba kukwera ali mnyamata, pomwe ankaperekera katundu wa sitolo ina ya zitsulo: misomali, maloko, zitini za penti zomangirira kumbuyo ndi mphira. Sitoloyo itatsekedwa adagula njinga yakale nayamba kunyamula anthu. Ana awo awiri adakula akununkhiza petulo pa malaya a bambo awo, adaphunzira, adapeza ntchito kutali, ndipo tsopano ankangomveka pa foni. M'nyumba mudatsala a Chigamba, akazi awo, ndi njingayo, yomwe inkagona pabalaza pakati pa mpando ndi kabati, kunsi kwake atayalako katoni kuti oyilo asadetse simenti. Mayiwo ankati iwo ali pa mitala, kungoti mkazi mnzawoyo amadya kwambiri ndipo tsache saligwira.

Msewu udawaphunzitsa a Chigamba, ndipo sunkaphunzitsa ndi choko ayi. Bondo lamanzere ndilo lidaphunzira za mzere woyera wa pakati pa msewu, kuti kukagwa mvula umaterera ngati sopo. Tsiku limenelo adangogwira buleki pang'ono tayala lili pa utoto, ndipo adazindikira ali chagada, njinga ikudzilirira yokha chauko. Phewa lidaphunzira za chivundikiro chachitsulo cha ngalande. Za mchenga womwe madzi amausiya pokhota, za dizilo wodontha m'malole, za timizere tonyezimira ta phula tomwe amamatira ming'alu, chilichonse chidasiya chipsera chake penapake. Pa siteji ankakonda kunena kuti wa galimoto amayang'ana kutsogolo koma wa njinga amayang'ana pansi, poti chomwe chimamulekanitsa ndi manda ndi kachigawo ka tayala kosaposa chikhatho cha mwana. Anyamata ankavomera kuti, "Zoona madala," kenako n'kuliza njinga zawo n'kuchoka ngati awaputa njuchi. Bondo likakhala la mnzako phunziro sililowa.

Msewu wawo weniweni udali umodzi. Unkachokera kumtunda komwe ankakhala, kudutsa pa sukulu ndi pomwetsera mafuta, kukhota pa gulaye wamkulu wa kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, n'kutsetsereka mpaka ku tauni. Udali msewu wotopa, woti okonza ake adautaya kale mtima. Maenje ena adachita kukhala ndi mayina. Lalikulu la potulukira pa gulaye anyamata ankalitcha Bafa, poti nthawi ya mvula munthu akadatha kusambamo osapinda miyendo. M'mawa uliwonse a Chigamba ankatsika ndi msewu umenewu atanyamula akazi awo, omwe ankagwira ntchito yosita kumalo ochapira zovala ku tauni. Mayiwo ankakhala phee kumbuyo, chikwama pamiyendo. Akawatula pa geti ndiye ankapita ku siteji, ndipo madzulo ankawatenganso.

Tsono padali chinthu chimodzi chomwe a Chigamba sadauze munthu. Maso awo adali kupita.

Zidayamba ngati nthabwala. Diso lamanzere lidachita kachifunga. Adapukuta galasi la chipewa chawo cha panjinga, adalitsuka ndi sopo, adagula lina, chifunga osachoka. Chaka chisadathe lamanja nalo lidayamba. Manambala a galimoto adasanduka madontho, nkhope za anthu zinkadziwika munthu akafika pafupi penipeni, ndipo dzuwa likawomba pa phula lonyowa dziko lonse linkangoti mbee. Adadziwa kuti ndi ng'ala, poti bambo awo omwe adamaliza moyo wawo akupapasa makoma. Adamvaponso kuti kuchipatala amachotsa. Koma kupita kumeneko kudali kudziulula, ndipo pa siteji nkhani sigona. Ndani angakwere njinga ya munthu wosaona bwino? Akazi awo nawo akadangomva, makiyi akadasowa tsiku lomwelo. Ndiye ankangoti ndipita mwezi wamawa, mwezi wamawawo n'kufika n'kudutsa.

Kunena zoona, a Chigamba ankaopa. Imfa sankaiopa kwenikweni, adali atayandikana nayo kambirimbiri. Chomwe ankaopa ndi mpando wa pakhonde, umene bambo awo adakhalapo zaka zawo zomaliza, akufunsa aliyense wodutsa kuti, "Ndinu yani?" Kunja kwa njinga sankadziwa ntchito ina, ndipo sankadziwanso kuti atatsikapo angakhale ndani.

Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. A Chigamba adasiya maulendo ena onse n'kutsala ndi msewu wawo umodzi uja. Wina akati apite naye kutsidya kwa tauni, iwo ankagwedeza mutu n'kuloza mnyamata wina: "Kwerani uyo, ine kumeneko msana sundilola." Makasitomala awo akale ankawazindikira ndi mawu. Msewuwo ankauwerenga ndi matako ndi manja. Njinga ikati gu, gu, pa zigamba ziwiri zoyandikana, ankadziwa kuti afika pa sukulu, apendekere kumanzere. Ikanjenjemera pa phula lokwinyika, ndiye kuti ndi pomwetsera mafuta, achepetse moto chifukwa cha dizilo. Pa gulaye padali kamng'alu kodutsa msewu wonse, ndipo tayala likangokaponda thupi linkadzikhotera lokha kumanja, Bafa n'kudutsa kumanzere ngati munthu wosalankhulana naye. Ubwino wa msewu woipa ndi woti aliyense amayendapo mofatsa. Magalimoto ankakwawa, akukhotakhota ngati oledzera, ndipo mdala woyenda pang'onopang'ono sankadabwitsa munthu.

Koma kuyenda kotereku kumadya munthu. Pofika madzulo khosi linkakhala litauma, mutu ukugunda, nsagwada zikupweteka ndi kulumana. Ankalowetsa njinga pabalaza n'kudziponya pa mpando nsapato zili kuphazi.

"Mwatopa abambo," ankatero mayi, akuwapatsira madzi.

"Msewu uja, amayi. Utimaliza."

Lidali bodza, komanso sichidali chinyengo chonse.

Kenako kudabwera makina. Adabwera m'mawa wina atasenzedwa pa malole aatali, achikasu, ndi anthu ovala zonyezimira. Dera lonse lidasangalala. Amayi a pamsika adalulutira, oyendetsa minibasi adaliza mahutala, ndipo anyamata a pa siteji adayamba kuwerengera maulendo omwe azidzapanga msewu ukasalala. A Chigamba adangoyang'ana zinthu zachikasuzo zikuyandama m'chifunga chawo, n'kunena chapansipansi kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anyamata adaseka, amvekere madala sakondwa ndi chitukuko.

Miyezi yomwe ntchito inkachitika sidawavute kwambiri. Padali fumbi, timiyala tomwazika, anthu a mbendera oimitsa magalimoto, ndipo aliyense ankayenda mwakachetechete pambuyo pa mnzake. Iwo ankangotsata chomwe chili patsogolo, mapazi ali chire kukonzekera kuponda pansi. Vuto lidayamba tsiku lomwe makina adachoka.

M'mawa umenewo adatulutsa njinga, mayi adakwera, adalowa mumsewu, ndipo msewu udangoti zii. Padalibe gu, padalibe kunjenjemera, padalibe kamng'alu. Njinga inkangoyandama pa chinthu chakuda, chofanana kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Pa sukulu adazindikira atamva phokoso la ana kumbuyo kwawo, atadutsa kale. Magalimoto omwe kale ankakwawa tsopano ankawapitirira ndi mphepo yokankha njinga.

"Koma ndiye akonza," adatero mayi kumbuyoko. "Ngati tili pa bedi."

"Eya, akonza," adayankha a Chigamba, thukuta likuyenderera mkati mwa chipewa.

Choipa kuposa zonse chidali choti thupi lawo silidamve kuti msewu wasintha. Mutu unkadziwa kuti maenje adakwiriridwa, koma manja ndi chiuno zinkakumbukirabe. Akafika cha pa sukulu, njinga inkapendekera yokha kumanzere. Akamatuluka pa gulaye, inkathawira kumanja kuzemba Bafa, lomwe lidali litagona kale pansi pa phula latsopano. Ankadziuza kuti lero ndiwongoka, lero ndiwongoka, koma pofika pamalopo manja ankakhala atachita kale zawo. Zomwe thupi laphunzira ndi ululu silizitaya chifukwa choti kwabwera makina achikasu.

Anyamata sadachedwe kuona.

"Madala, dzulo ndinali kumbuyo kwanu," adatero wina pa siteji, akudya nthochi. "Mumavina chani pa gulaye paja?"

"Ndimayesa matayala."

"Ayi madala, inu mukuzemba maenje a chaka chatha!"

Siteji yonse idafa nacho chiseko. Wina adaimirira n'kuyamba kuyenda mokhotakhota atagwira mahandulo a m'malere. A Chigamba adaseka nawo, poti ukapanda kuseka nawo anthu amayamba kufunsa mafunso. Mumtima mudali mutazizira.

Lamulungu lotsatira adauza mayi kuti akukawongola miyendo, ndipo adatsika ndi msewuwo wapansi, kuti mwina mapazi apeze chomwe matayala adalephera kupeza. Adayenda m'mphepete, akukhwekhwereza nsapato. Timiyala totsala pa ntchito tidali titakankhidwira m'mbali, mulu wautali wotsata msewu wonse. Kupatula apo padalibe chogwira. Pa gulaye adamva fungo la utoto, ndipo adapeza anthu opaka mizere akulongedza zida zawo m'kalole. Mmodzi, bambo wa imvi ngati iwo omwe, adakhala pa chitini akusenda utoto m'zala.

A Chigamba adapereka moni, kenako adanjuta m'mphepete mwa msewu n'kuyendetsa chikhatho pansi. Phula lidali lokhakhala bwino, lomwe tayala limakonda. Kenako dzanja lidafika pa chinthu chosalala ngati mbale, chotukuka pang'ono, chotambalala kuposa tayala la njinga. Udali muvi waukulu woyera wolozera kokhotera. Pambali pake dzanja lidapezanso mzere wina wosalala chimodzimodzi, koma uwu maso sadauone n'komwe.

"Kodi madala ndinu oyendera ntchito?" adafunsa wopaka uja, akuseka motopa.

"Ndine wa njinga, achimwene. Nanga uwu ndi mzere wanji?"

"Umenewo ndi wakufa. Tidapaka woyera poyamba. Kenako mabwana adabwera n'kuti pakhale kanjira kokhotera kunyumba ya katunduyo, ndiye mzere usunthe. Kuupala kumafuna makina ena omwe tilibe, ndiye tangoupha ndi utoto wakuda."

"Kukagwa mvula wakudawo ndi woyerawo aziwala mofanana."

"Tikudziwa."

"Nanga mchenga uja mumawaza pamwamba kuti pakhale pokhakhala?"

"Umawazidwa ukakhalapo. Matumba omwe adabwera adathera kumtunda kuja. Tidanena, akuti ubwera." Bamboyo adapukusa mutu n'kupitiriza kusenda zala. "Ife timapaka pomwe atiuza, madala. Inenso popita kwathu ndimakwera njinga yomweyo."

Padalibe woti n'kukangana naye. Adali anthu awiri otopa, wina ndi utoto m'zala, wina ndi zigamba m'mawondo. A Chigamba adaimirira mawondo akulira, adatsanzika, n'kuyang'ana bwino pomwe muviwo udali. Udali kumanja, potulukira pa gulaye, pamalo penipeni pomwe thupi lawo linkathawirako likamazemba Bafa. Adabwerera kunyumba akudzilankhulira ngati wamisala: pa gulaye osapita kumanja, pa gulaye osapita kumanja.

Masiku angapo zidatheka. Ankayamba kuumitsa mikono akadali pomwetsera mafuta, n'kudutsa pa gulaye ataluma mano. Kudalibe mvula, ndipo ngakhale tsiku lina manja adawaba n'kuponda muviwo, tayala lidagwira.

Mvula idagwa Lachinayi m'bandakucha. Siidali yamphamvu yotsuka msewu, idali ija yowaza, yongonyowetsa fumbi ndi mafuta n'kuzisiya pamwamba. Pomwe ankatulutsa njinga idali itakata, ndipo dzuwa lidali litayamba kusuzumira pansi pa mitambo. A Chigamba adaima pakhomo nthawi yaitali akupukuta mpando womwe udali wouma kale. Mawu adafika pakamwa, oti amayi lero kwerani minibasi. Koma akadafunsidwa chifukwa, akadati chiyani, munthu amene adayenda m'mvula zaka zonsezi msewu uli maenje okhaokha? Mayi adatuluka, adakhoma chitseko, adamanga mpango, n'kukwera.

Atangolowa mumsewu dzuwa lidamenya phula lonyowa, ndipo zonse zidasanduka galasi limodzi loyera. Adatsinzinira, misozi ikutuluka. Mizere ankaiona iwiri, nthawi zina itatu, yonse ikuwala, osadziwa wamoyo ndi wakufa. Adachepetsa liwiro mpaka njinga idayamba kudandaula. Kumbuyo kudabwera galimoto, idaliza hutala, idalizanso, ili pafupi moti ankamva kutentha kwa injini yake. Maganizo awo onse adapita ku galimotoyo ndi ku kuwalako, ndipo mawu aja ankadziuza tsiku ndi tsiku adawathawa. Sadadziwe n'komwe kuti gulaye akutha. Thupi ndilo lidadziwa, ndipo lidachita zomwe lidachita kwa zaka zambiri: lidakhotera kumanja.

Adamva tayala lakutsogolo likupepuka. Ndipo a Chigamba, amene adakalamba akuuza anyamata kuti pa utoto wonyowa sagwira buleki, adagwira buleki.

Sikudali kugwa kwa phokoso. Njinga idangogona chammbali n'kutsetsereka, ikuzungulira pang'onopang'ono, mpaka kukaima m'timiyala ta m'mphepete tija. Galimoto ija idakhota n'kupitirira. A Chigamba adadzuka msanga, thalauza litang'ambika pamwamba pa chigamba, akuitana, "Amayi! Amayi!" uku akutembenukira uku ndi uku, poti m'kuwala kuja sankaona pomwe akazi awo agwera.

"Ndili pano, abambo. Kumbuyo kwanu."

Adali atakhala pansi m'timiyalamo, atagwira mkono wamanja, womwe ankasitira. Udali utasupuka kuyambira pa chigongono mpaka pafupi ndi dzanja.

Anthu adasonkhana mwachangu monga amachitira. Mlonda wa kunyumba ya katundu adadzutsa njinga. Mayi wina adatola chikwama n'kuchisansa. Wa njinga wina wa pa siteji yawo adaima, adapita pa muvi paja n'kutereretsa nsapato yake kuti onse aone.

"Taonani! Sopo weniweni! Ngati pagwa a Chigamba, ife tipulumuka bwanji?"

"M'mamawa muja pomwepa pagwanso wina," adatero mlonda. "Utoto umenewu upha anthu."

Onse adagwirizana kuti wolakwa ndi utoto, ndi opaka ake, ndi mabwana a opakawo. Ndipo sankanama, utotowo udali woterera ndithu. A Chigamba adangoima pakati pawo akugwedezera mutu. Anthu adali atawapatsa chobisalira chabwino, chokwana bwino, choti akadatha kuchivala mpaka chaka chamawa. Palibe amene adafunsa chomwe njinga yopita ku tauni inkafuna m'kanjira kokhotera kunyumba ya katundu.

Mayi adakana zopita kuchipatala. Adati ndi kusupuka chabe, akatsuka kunyumba. Adaimbira foni kuntchito, ndipo awiriwo adabwerera kumtunda wapansi, bambo akukankha njinga yopindika handulo, mayi akutsatira mkono atautsamiritsa pamimba.

Kunyumba a Chigamba adatereka madzi, adathiramo mchere, adabwera nawo m'beseni. Mayi adakokera mpando pakhomo pomwe padali kuwala, adakhala, natambasula mkonowo pa thaulo.

"Mwalowa timiyala," adatero. "Ndi dzanja lamanzere sinditha. Tengani pini pa kabatipo, muiwotche kaye, mundichotse."

Adachita monga adauzidwa. Adagwada pa bondo lawo labwinoko, adagwira mkono wa akazi awo, n'kuuyandikitsa kumaso. Adaona chinthu chofiira, chopanda malire, ngati nsalu yoviikidwa m'madzi. Adauyandikitsanso mpaka mpweya wawo unkagunda pa bala. Adapendeketsa mutu kuti ayese ndi diso lamanja. Kenako adalasa pomwe ankaganiza kuti pali kadontho kakuda.

"Apo ayi, abambo. Apo ndi pabwinobwino."

Adasuntha pini n'kuyesa pena. Mayi adakoka mpweya m'mano, koma mkono sadauchotse. Pa msewu ukhoza kunamizira utoto, pa siteji ukhoza kunamizira msana, koma apa padalibe chonamizira. Padali mkono wa munthu amene adakhala naye moyo wonse, ndi timiyala tomwe iwo adamulowetsa, tomwe sankatha kutiona. Adaika pini m'mbali mwa beseni.

"Amayi, sindikuona."

"Timiyalato?"

"Timiyalato, mzere, muvi uja. Nkhope yanu yomwe, pokhapokha muyandikire chonchi. Ndi kale zidayamba."

Adadikira kukuwa, kapena kulira, kapena mafunso. Mayi adangoviika kansalu m'madzi ndi dzanja lamanzere n'kukafinyira pa balapo.

"Ndikudziwa," adatero.

"Mukudziwa?"

"Chaka chatha mudandipitirira pa geti la kuntchito, ine nditaima pomwe ndimaima masiku onse, mpaka ndidachita kukuitanani. Tiyi mumathira chala chili m'kapu. Mumayesa ndimakhala ndi ndani m'nyumba muno?"

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinene kuti chiyani? Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Ndikadabisa makiyi mukadandida mpaka kumanda, n'kukabwereka njinga ina. Ndimakudziwani. Ndinkadikira kuti munene nokha."

A Chigamba adakhala pansi penipeni, pa simenti, msana atatsamira chitseko. Manyazi adawagwira, aakulu kuposa omwe ankawaopa pa siteji.

"Ndiye mumakwerabe? Tsiku ndi tsiku, mukudziwa?"

"Ndikadasiya kukwera ine, inu mukadasiya kuyendetsa?"



"Mukanditula pa geti paja," adapitiriza mayi, mawu awo ali otsika, otopa, "mumapita kukanyamula ana a eni. Ana a sukulu, amayi apakati, anthu oti kwawo akuwadikira. Ine ndimasita tsiku lonse khutu lili ku foni. Malaya angati ndawotcha chaka chino, simudziwa. Kuti musagwe ndidasiya kupempha, poti ndinkadziwa kuti tsiku lake lidzafika. Ndinkangopempha kuti likamadzafika lidzafike m'mawa, kumbuyoko kuli ine."

Panja padadutsa njinga ikuthamangira kumunsi, kulira kwake kudamveka mpaka kutali. A Chigamba adabisa nkhope m'manja. Nthawi yonseyi ankadziona ngati munthu wosenza katundu yekha, mwamuna wolimba mtima wosafuna kuvutitsa mkazi wake. Sadaganizepo kuti katunduyo adamusenzetsa wina, amene ankamunyamula mwakachetechete kumbuyo kwawo komweko.

Mayi adayesa kupinda dzanja ndipo adabuula. Polumikizira dzanja ndi mkono padali patayamba kutupa, zala zikukanika kufumbata.

"Ili si bala lokha," adatero. "Tiyeni kuchipatala kuja basi. Timiyalato akachotsa okha."

A Chigamba adadzuka, adawathandiza kuimirira, adawakoleka mpango m'khosi kuti mkono ugonemo. Mfundo adaimanga mopapasa, koma idagwira. Potuluka dzanja lawo lidapita lokha m'thumba momwe mudali makiyi a njinga. Adawatulutsa, adawagwira kanthawi, kenako adawaika m'dzanja lamanzere la akazi awo n'kulifumbatitsa.

"Kumenekonso kuli a maso?" adafunsa.

"Aliko. Khomo lachiwiri ukangolowa. Ndidafunsa kale."

Adakhoma chitseko, njinga ili mkati. Adayenda pang'onopang'ono mpaka kumsewu, wina akutsimphina, wina mkono uli m'khosi, n'kuima m'mphepete kudikira minibasi. Itatulukira kumtunda, a Chigamba adatsinzinira kuyesa kuwerenga chikwangwani chake, kenako adaleka.

"Amayi, ikupita kuti imeneyo?"

"Ndi yathu," adatero mayi. "Ikwezereni dzanja, langa silikutheka."